Mlonda wa Chipata Chakumpoto

Alamu, achimwene ake a mwamuna wanga, anabwera kudzakhala nafe atatuluka m'chipatala. Sitiroko inawaphera dzanja lamanzere, ndipo mwendo ankachita kuukoka. Munthu amene ankayendetsa basi, wokangana ndi aliyense kuyambira kondakitala mpaka wailesi, anatsala ndi liwu limodzi lokha. Mudya chiyani? "Chilichonse." Titsegule windo? "Chilichonse." Adokotala anati mwendowo ungalimbe ngati mwini wake atafuna kumayenda, koma nsapato zawo zinangokhala pansi pa bedi m'chipinda chakumbuyo, zikutola fumbi.

Ine ndimagwira ntchito pa shopu ya fotokope, ndipo makasitomala akachepa ndimasewera gemu ya pa intaneti. Tili ndi gulu lathu mmenemo. Aliyense amapeka munthu wake, kumupatsa mbiri ndi khalidwe, kenako timasewera nkhani limodzi mu mzinda wongopeka wa malinga ndi zipata. Wanga ndi Nyerere, wogulitsa mankhwala abodza pamsika. Ndinawalowetsa alamu m'gululi poti dzanja lamanja linali bwino ndipo foni anali nayo. Anavomera ndi "chilichonse" wawo uja, choncho sindinayembekezere kanthu.

Tsiku lina m'mawa, ndikuthira mapepala m'makina, foni inalira. Alamu anali atatumiza munthu wawo.

Anali mlonda wa chipata chakumpoto. Sagona. Sadya za munthu. Alibe mkazi, alibe m'bale, sadwala, salankhula pokhapokha atafunsidwa. Sapempha kanthu kwa aliyense, ndipo akadzafa palibe amene adzavutike. Zinalembedwa mosamala, ndipo ndinadziwa kuti chala chimodzi chagwira ntchito yaikulu.

Gulu lathu lili ndi lamulo. Munthu watsopano asanalowe mu mzinda timayamba tamuunika, ndipo woyamba kupereka ndemanga ndi amene anabweretsa mlendoyo. Mawu akuti "zili bwino" ndi oletsedwa. Kapitawo, yemwe amayang'anira gululi, amati kuyamikira kopanda chifukwa n'chimodzimodzi kusawerenga.

Ndinaimbira mwamuna wanga, amene anali pamakwerero kwinakwake akulumikiza mawaya a magetsi.

"Mungowayamikira, mayi," anatero. "Angoyamba kumene kusuzumira panja, inu mukufuna muwamenye ndi chitseko?"

"Lamulo akulidziwa. Ndikawanamiza azindikira."

"Ndiye muwanamize mwaluso. Si inu ogulitsa mankhwala abodza?"

Ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Miyezi yonseyi tinkawagwira alamu ngati dzira, ndipo sindinaone kuti zinawathandiza. Komanso sindinali wotsimikiza kuti chilungamo chiwathandiza. Pomaliza ndinatumiza izi:

"Alamu, kalembedwe n'kabwino, ndipo chipatacho chikufunikadi mlonda. Koma uyu sitingasewere naye. Munthu wosasowa kanthu, ife tizikatani kwa iye? Sindingamugulitse mankhwala poti sadwala. Wakuba sangamunyengerere, mnzake sangamuthandize. Mwatibweretsera chipilala, osati munthu. Mpatseni chimene chimamukanika."

Kapitawo anagwirizana nane mwaulemu. Koma Gulugufe, mtsikana amene amasewera ngati wakuba ndipo pakamwa pake palibe loko, anawonjezera: "Madala, ameneyu tingomupaka penti n'kukolekapo nyali." Anthu anaseka. Za matenda a alamu ndinali ndisanauze aliyense.

Foni inaonetsa kuti awerenga. Sanayankhe. Patapita kanthawi, kadontho kobiriwira ka pa dzina lawo kanazima.

Ndinaimba, foni yosapezeka. Masana ndinaimbanso, inalira koma osayankhidwa. Kasitomala wina ndinamusindikizira mapepala ake kawiri, wina ndinamupatsa a mnzake. Mawu aja anayamba kundibwerera: akadzafa palibe amene adzavutike. Ine ndinawawerenga ngati za gemu. Ndinapempha abwana kuti ndiweruke msanga, ndipo ndili m'njira ndinauza mwamuna wanga kuti atsike pamakwerero apo abwere.

Kunyumba ndinapeza chitseko cha chipinda chakumbuyo chili chotsegula, pabedi palibe munthu. Kenako ndinamva kung'ung'udza kukhitchini.

Anali atakhala patebulo, foni ataitsamiritsa ku chitini cha shuga, ndodo yawo yoyendera ili gone pansi. Kuchoka kuchipinda kufika pamenepo anali asanayendepo okha.

"Chipilala," anatero osandiyang'ana. "Munthu ndajompha ndi chala chimodzi ngati nkhuku, inu n'kumati chipilala."

"Alamu, pepani ngati..."

"Musapepese, mundisokoneza. Gulugufe ameneyu ndi mwana wa ndani? Akuti andipake penti. Ine m'basi ndinkatsitsa amwano oposa iyeyu."

"Nanga foni osayankha bwanji?"

"Batire inatha ndili pakati pomuyankha, tchaja munaisiya kuno. Ndiye dzanja ndi limodzi, mlamu. Liziyankha inu kapena achipongwewa?"

Ndinakoka mpando n'kukhala. Ananditembenuzira foni kuti ndiwerenge.

Mlonda anali yemwe uja, pachipata chomwe chija, koma tsopano dzanja lina analisiya kunkhondo. Lupanga amaligwira bwinobwino. Chomukanika ndi zingwe za nsapato. M'mawa uliwonse amatsikira kumsika kukafuna womumangira, ndipo zimamuwawa kwambiri moti womuthandizayo amamulipira ndi mwano. Kuthokoza sakudziwa.

Gulugufe anali atayankha kale: "Ndizikumangirani ine, madala. Makiyi a chipata mumaika thumba liti?" Pansi pake Kapitawo analemba kuti mlondayo alowe.

"Ndemanga yanu?" anafunsa alamu. "Paja zili bwino n'zoletsedwa."

"Mwano wake wachuluka."

"Umenewo suchoka."

Mwamuna wanga analowa ali wefuwefu, chikwama cha zida chili paphewa. Anayang'ana achimwene ake, anayang'ana ndodo, anayang'ana ine. Kenako anateleka ketulo, ndipo tiyi atapsa anasuntha foni n'kuyamba kuthira shuga monga mwa masiku onse.

"Iwe, basi," anatero alamu. "Tiyi wako ndi uchi weniweni. Miyezi yonseyi ndakhala ndikumwa mozunzika."

Mwamuna wanga anaima, supuni ili m'malere. "Osanena bwanji, achimwene?"

"Ndikunena pano."

Anaseka mwamuna wanga, kuseka kosalekeza, mpaka anatembenukira kusinki n'kumapukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi.

Alamu anamwa theka la tiyi ndi nkhope yodandaula, kenako anakoka chingwe cha tchaja n'kupukusa mutu.

"Ichi n'chachifupi. Mlamu, tanditengerani nsapato pansi pa bedi, muzipukute kaye. Ndikufuna ndikaone chachitali pa shopu ya pakona."

"Ndikhoza kukakugulirani," anatero mwamuna wanga.

"Iwe ukatenga chilichonse."

Ndinabweretsa nsapato zija. Analowetsa phazi lamanja okha, lamanzere tinathandizana. Zingwe zinali lendelende pansi.

"Mumanga inu," anatero. "Si ndinu munayambitsa?"

Ndinagwada n'kumanga. Anati ndathinitsa, kodi ndikufuna kuwadula phazi lotsalalo? Ndinamasula n'kuyambiranso.