Mfuti Yokalamba ya a Kalekeni

Mfuti itangolira, nguluwe inadzidzimuka, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako inathamangira m'bango ilibe ndi bala lomwe. Chimene chinalasidwa ndi kheni yothirira mbewu ya mayi Zelesi. Anali ataisiya yodzaza madzi m'mbali mwa bedi la mbande za fodya, patali ndithu ndi pomwe nguluweyo inkafukula, ndipo tsopano inkathira madzi mbali ziwiri.

Tonse amene tinali ku nazale m'mawa umenewo tinatembenukira ku kheniyo. Kenako mayi Zelesi, tenanti wochokera ku Mulanje yemwe pakamwa pake sipankachedwa, anawomba m'manja.

"Mwapha, a Kalekeni, mwapha! Nanga nyama ya kheniyi tiithira mchere wotani?"

Anthu anafa nacho chiseko. Inenso ndinaseka, mpaka pamene ndinaona nkhope ya amuna anga, a Kalekeniwo. Anaima atapachika mfuti paphewa, akuyang'ana m'bango muja ngati munthu amene basi yamusiya pa siteji.

A Kalekeni anali mlenje wa pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Chisemphere, kumalire ndi nkhalango ya nyama. Nguluwe zowononga minda ankapha, poti chilolezo chinalipo. Njovu zikatuluka m'nkhalango ankangoziopseza powombera m'mwamba kufikira alonda a nyama atafika. Mfuti yawo inali ija amati maginamu, yaitali, yolemera, zipolopolo zake zotalika kuposa chala changa chapakati. Anaigula malemu mwini esiteti ine ndisanakwatiwe n'komwe. Ikalira, udzu wa pa zigafa unkachita kuyoyoka. Zaka zonsezo palibe amene anaonapo a Kalekeni ataphonya.

Masana a tsiku lomwelo mayi Diana, mwana wa malemuyo amene tsopano ankayendetsa esiteti, anauza amuna anga kuti akhome katoni pachulu, awombere iwo akuona. Zipolopolo zinamwazikana ngati nkhuku zoona kabawi. China sichinakhudze n'komwe katoniyo.

"Bambo Kalekeni, sindikukuchotsani ntchito," anatero mayi Diana mofatsa. "Koma lero ndi kheni, mawa ukhoza kukhala mwendo wa munthu. Mfutiyi iyambe yakhala m'kabati mpaka tidziwe chavuta."

Amuna anga atafika kunyumba anakana chakudya. Anakhala pakhonde n'kumatseka diso limodzi, kenako linalo.

"Mayi a Tamara, maso anga apita. Yambani kumanga katundu tizibwerera kwathu ku Kaluluma."

"Tibwerere bwanji mwana akulemba mayeso a fomu folo chaka chino? Nanga nyumba ino tiisiyire ndani?"

"Mlenje wosaona sakhala m'nyumba ya mlenje."

Ndinawakokera ku chipatala cha ku boma. Dokotala wa maso, mtsikana wansangala, anawaimika patali n'kuwauza kuti awerenge zilembo zapakhoma. Anawerenga mzere wapamwamba, wapakati, mpaka wapansi penipeni, n'kuwonjezera tizilembo tina ta m'mphepete timene dokotalayo anachita kunyamuka kukationa.

"Bambo, maso anu ndi akuthwa kuposa anga," anatero akuseka.

Munthu wina akanavina. A Kalekeni anatuluka atakwiya. "Ana a masiku ano akudziwa chiyani?" anang'ung'udza. Pamsika anagula magalasi kwa venda, okhuthala ngati matako a botolo, ndipo tisanafike pa depoti anali atapepesa kale mtengo wamagetsi umene anaugunda.

Ine ndine telala. Patapita masiku angapo ndinkafuna katoni yodulira patani ya kolala, ndiye ndinatola ija ya pachulu. Nditaiyala patebulo, lumo linandiima m'manja. Mabowo ake sanali ozungulira monga ndinkawaonera kale. Anali otalika ngati nyemba, ndipo limodzi linkaonetsa chipolopolo chonse chitagona cham'mbali. Za mfuti sindinkadziwa kanthu. Koma makina anga akamadumpha ulusi sindithamangira kunena kuti manja anga akalamba, ndimayamba ndaona singano.

Ndinakulunga katoniyo n'kupita nayo kwa a Hector, amene amandikonzera makina ku Kasungu. Asanapume pa ntchito anali wokonza mfuti ku usilikali. Atangoona mabowo aja analiza likhweru.

"Mayi, chipolopolo ichi chinafika chikugubuduka. Amuna anu musawagulirenso magalasi. Loweruka ndibwera."

Anafikadi Loweruka dzuwa lili pamutu, pa njinga yamoto yofuka utsi. Mayi Diana anatulutsa mfuti m'kabati, ndipo tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi. Matenanti nawonso anasiya makasu, mayi Zelesi ali patsogolo. A Hector anasolola chitsulo chotsekera kumbuyo kwa mfuti, anapukuta mkati, n'kuloza mpope wake kumwamba. Anasuzumira nthawi yaitali akupukusa mutu.

"Achimwene, vulani magalasiwo mubwere muone," anauza amuna anga. "Nanunso mayi, poti ndinu munatulukira."

Nditaika diso, ndinaona kuwala kutsogolo ndi timizere topota tosaoneka bwino. Koma chakumbuyo, pomwe chipolopolo chimayambira ulendo, panali pakuda, pong'alukang'aluka ngati matope a m'dambo mu Okutobala.

"Timizere mwationato ndi timene timazunguza chipolopolo ngati nguli kuti chiyende mowongoka," anafotokoza a Hector. "Apa tadyeka. Chipolopolo chikungodutsa osagwidwa, ndiye chikatuluka chimapita komwe chafuna."

"Chadya n'chiyani? Dzimbiri?" anafunsa a Kalekeni mokweza. "Mfuti iyi sinagonepo osapakidwa mafuta!"

"Ndikuona, ndipo sindinaonepo mfuti yosamalidwa chonchi. Chadya ndi moto wake womwe. Maginamu imanyamula wonga wambiri, ndipo moto wonsewo umapanikizana pakakhomo kakang'ono aka. N'chifukwa chake imaponya kutali ndi mphamvu, n'chifukwa chakenso sikhalitsa. Mfuti yawamba mutha kukalamba nayo. Yamtundu uwu ikadya zipolopolo chikwi chimodzi kapena ziwiri, mpope umayamba kutsanzika. Tandiuzani, pothamangitsa njovu mumawombera bwanji?"

"Motsatizana. Njovu siidikira kuti upume."

"Mpope n'kumatentha?"

"Mpaka kuwotcha dzanja."

"Ndiye munkaiphika, achimwene."

Ndinayembekeza kuti amuna anga asangalala, popeza maso awo anali atapezeka osalakwa kachiwiri. Koma anatenga mfutiyo n'kuigoneka pamiyendo, akusisita thabwa lake lomwe linali litasalala ndi tsaya lawo.

"Mfuti iyi sinandinamizepo," anatero chapansipansi. "Bola akanakhala maso angawa. Ndiye mukuti ndaipha ndine?"

A Hector anawagwira paphewa. "Ayi. Yafera pa ntchito. Minda ingati imene yapulumutsa?"

Kenako mayi Diana analowa mu ofesi n'kutuluka ndi mfuti ina yocheperapo, imene bambo awo anaigula atakalamba koma sanaigwiritse ntchito kwenikweni. A Hector anaisuzumira n'kunena kuti mkati mwake munali ngati mwa yatsopano, ndipo kwa nguluwe inali yokwana bwino.

A Kalekeni anaiyang'ana cham'mbali. "Kophera njiwa aka?"

"Tangoyesani, bambo a Tamara," ndinawanyengerera. "Mukaphonya, katundu ndimanga lero lomwe."

Tinapita kuchulu kuja. Anakhoma katoni yatsopano, a Hector n'kujambula kadontho ndi khala pakati pake. Amuna anga anagwada, n'kutsamiritsa mfuti pathumba la mchenga. Chipolopolo choyamba chinagwera pambali pang'ono, a Hector n'kupotokola kenakake pamwamba pa mfuti. Kenako amuna anga anawombera katatu, akupuma pakati monga a Hector anawalangizira.

Tonse tinathamangira kukatoni. Mabowo atatu, ozungulira bwino, anali atagundana pakadontho paja. A Hector anatola chitsekerero cha botolo n'kuwavindikira onse pamodzi.

Mayi Zelesi analiza nthungululu. "Makheni athu apulumuka, anthuni!"

A Kalekeni anayesetsa kuumitsa nkhope, koma milomo inawakanika. Anaseka mpaka misozi, n'kupereka magalasi aja kwa mayi Zelesi kuti azionera nawo pobisa kheni.

"Komabe kulira kwake n'kwachibwana," anatero akupukuta m'maso. "Njovu zidzandiseka."

"Zikadzakusekani mudzatiuze," anayankha mayi Diana. "Lolemba mubwerere pa ntchito."

Mpope watsopano wa maginamu sunali wopezeka pafupi, ndipo kuuitanitsa kunja inali nkhani yaitali. Choncho mayi Diana anaganiza zokapereka mfuti yakaleyo kupolisi ku boma, kuti isamangokhala. Anatiuza kuti tipite nawo, ine ndikagulenso ulusi.

M'mawa wa ulendowo ndinapeza a Kalekeni akufufuza m'sutikesi yanga. Anatulutsa chitenje changa chatsopano, chimene ndinkasungira ukwati wa mng'ono wanga.

"Mundibwereke," anatero osandiyang'ana. "Mfutiyi singapite kwa anthu ili maliseche."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, koma ndinangowathandiza kumanga mfundo.

Galimoto inali ya bokosi, ya mipando iwiri yokha kutsogolo. Mayi Diana anakhala pa chiwongolero, chitsulo chotsekera mfuti chija ali nacho m'chikwama chawo. Ndisanafike pachitseko amuna anga anali atakhala kale pampando winawo.

"Inu mayi a Tamara mukwere kumbuyo," anatero. "Kuli mphepo yabwino."

Ndinakhala pathumba la chimanga, fumbi la msewu wa Chisemphere likundilowa m'mano, ndikuseka ndekha. Nditasuzumira pagalasi lakumbuyo ndinawaona. Anali ataimika mfuti ija pachifuwa pawo, itafunda chitenje changa, lamba wa mpando atamangira onse awiri. Galimoto ikati igwere m'dzenje, ankatsogoza dzanja n'kuigwira pamwamba kuti isagunde denga.