Kaseti ya Wachimfine

Pamsika ankawatcha Mai Sinditsitsa, chifukwa pa benchi yawo ya nsalu panalibe zonenerera. Ukafuna gula, ukapanda kufuna pita, usatchinge ena.

Amuna awo, amene kale ankayendetsa malole, anali ndi woimba mmodzi yekha pamtima: bambo wina wa gitala, woimbira m'mphuno, amene anatulutsa kaseti imodzi n'kumwalira osatchuka. Mai ankamutcha Wachimfine. Amuna awowo ankapendeketsa chipewa ngati woimbayo, kumeta ndevu ngati iye, mpaka kutsokomola komwe. Akangoika kasetiyo, mai ankakuwa ali kukhitchini: "Zimitsani chimfine chanucho, mudwalitsa ana!" Ukwati wonse unayenda choncho.

Ndiye sitiroko inawagwetsa amuna awo aja. Dzanja lamanja linafota, lilime linamangika. Ngakhale madzi akumwa ankapempha ndi maso. Koma kasetiyo ikafika pa nyimbo ya njinga, pakamwa pankamasuka, n'kuimba nawo mpaka kumapeto. Liwu lawo linatsala pamenepo basi. Mai ankawaikira m'mawa uliwonse, n'kutuluka kukatsuka mbale mokhokhomola, kuti asaoneke ngati akumvetsera. Liwulo ankalimva, mtima n'kukhala pansi. Zoimbazo analibe nazo ntchito.

Tsiku lina wailesi inatafuna tepi, pa nyimbo yomweyo. Mwana wawo wamkazi anafufuza woimbayo pafoni mpaka batire kutha.

"Amayi, munthuyu mulibe. Ngati sanabadweko."

Mai sanatsegule benchi tsikulo. Anapita kwa mmisiri wa mawailesi, m'kachipinda konunkha waya wopserera, kodzaza mafani opanda mitu ndi ma TV otsegula kumsana. Mmisiriyo anasolola tepiyo ndi bolopeni. Inatuluka yokwinyika ngati nkhope ya khanda lolira.

"Izi ndi za kumanda, mayi. Ndidula kuyambira apa mpaka apa." Anatambasula mkono wonse.

"Mkono wathunthu? Mukusoka diresi? Dulani chala chimodzi."

"Si nsalu iyi, mayi."

"Ndikudziwa nsalu ine. Yokwinyika timasita, sititaya. Chala chimodzi, achimwene."

"Ndiisite? Isungunuke, mudzanditukwane pamsika ponse?"

"Kutukwana ndiyamba pompano, musadikire."

Anakokanakokana mpaka anthu odutsa anaima pakhomo. Mmisiri anatsika kufika pachigongono, mai anakwera kufika pachikhatho, ndipo apo mmisiri anaika lumo pansi.

"Ndikasiya yoonongekayi, ikodwanso, idya nyimbo zonse. Sankhani."

Koyamba m'moyo wawo Mai Sinditsitsa anagonja. Lumo linadula pachigongono. Mmisiri analumikiza ndi kaselotepi, ndipo chidutswacho asanachiponye pansi mai anachitsomphola.

"Ndi changa ichi."

Kunyumba anawakhazika bwino amuna awo, pilo kumsana, chipewa pamutu chopendekera. Anasindikiza batani. Ulendo uno sanatuluke, anaima pakhomo manja m'chiuno kuti aone ngati mmisiri sanawapusitse.

Gitala inayamba. Bambowo anatukula chibwano.

"Njinga yanga ilibe belu, ndifika osagogoda…"

Kenaka tepi inachita ngati yameza mate, n'kudumphira kutsogolo. Wachimfine anapitiriza zake. Bambowo anatsalira pampatapo, pakamwa pali yasa, ngati munthu amene basi yamusiya phazi lili m'mwamba. Sanaipezenso nyimboyo.

"Aa, dumphani nanu! Mwayendetsa malole m'maenje zaka zonsezi, kadzenje aka kakukanikeni?"

Anabweza. Zomwezo. Anabwezanso. Bambowo anafika pomwepo n'kuima, kenaka anatembenuza maso kuyang'ana mkazi wawo. Maso opempha madzi aja.

Mai anamva. Anazimitsa wailesi, anakhosomola, anayamba ndi liwu lawo loitanira makasitomala.

"Njinga yanga ilibe belu, ndifika osagogoda…"

Panalibe chotsatira. Anakumba m'mutu monse. Nyimbo imene inalira m'nyumbamo kuyambira ali mtsikana, imene ankaipikisana nayo ndi mapoto, ndi tsache, ndi kukuwa. Anapezamo mawu awo okha: zimitsani, zimitsani.

"Iwe!" anaitana mwana wawo. "Pambuyo pa kugogoda amati chiyani?"

Mtsikanayo anaima pakhomo, maso pansi.

"Kaya, amayi. Munkatituma kunja ikayamba."

Mai anayesa kung'ung'udza, kungoti mmm mmm, mwina bambowo atola okha. Anadikira. Bambowo anawayang'ana kanthawi, osakwiya, osadandaula. Kenaka ndi dzanja lamanzere anavula chipewa chija, n'kuchiika pamwendo, n'kutembenukira kukhoma.

Mai anakhala m'mphepete mwa bedi. Anamasula chidutswa chija pa mfundo ya mpango wawo, n'kuyamba kuchiwongola pabondo ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono. Anachikweza kuwindo, monga amachitira ndi nsalu akafuna kuona pamene yang'ambika. Chinali chofiirira mbali zonse, chopanda kanthu kooneka.