Mlendo m'chipinda cha amayi

Ndinabwera kudzatenga amayi. Achimwene anali atavomera kale pa foni: matenda oiwalaiwala aja akula, ndipo kudziko lakunja kumene ndimakhala kuli madokotala odziwa. Alamu anga, akazi awo a achimwene, amene akhala akuwasambitsa zaka zonsezi, sanafunsidwe n'komwe.

Nyumba ndinaipeza itachepa. Mtengo wa pakhomo uja anadula, pamalo pake pali kashopu ka mabatire a foni. Amayi anali pampando wa pawindo. Nditagwada kuti ndiwapatse moni, anabisa nkhope m'chovala cha alamu.

"Musadandaule, alamu," anatero akuseka. "Wodzawerenga mita ya madzi amamuteronso. Komatu iye amabwera mwezi ndi mwezi."



Kunja kuja ndimaphunzitsa za kakulidwe ka ana. Pali kuyesa kwina kumene ndaonetsa ophunzira kambirimbiri: mwana wongoyamba kuyenda amamusiya m'chipinda ndi munthu wachilendo, mayi ake n'kutuluka. Kulira si nkhani. Timayang'ana zimene mwanayo achite mayiyo akabwerera. Akamuthamangira n'kutonthola msanga, ndiye kuti mtima wake uli ndi pokhala. Mwana wotere sumuchotsa m'manja amenewo popanda chifukwa chachikulu.

Sindinakonze zowayesa amayi anga. Mvula inangoyamba kudontha, alamu n'kuthamangira kukaanula zovala.

Chitseko chitatsekeka, amayi anadzuka n'kukagwira chogwirira chake. Ndinachita zimene ndimauza ophunzira: ndinakhala pansi, osawayang'ana m'maso, mawu otsika.

"Amayi, ndine mwana wanu wamkazi. Ndabwera."

"Pepani, mayi," anayankha mwaulemu wonse umene anatilera nawo. "Amayi anga atuluka. Mudzabwere tsiku lina."

Kenako anayamba kulira, osatulutsa mawu, chipumi chili pachitseko. Nditawagwira phewa anauma thupi ngati thabwa. Ndinachotsa dzanja.

Alamu analowa ndi mulu wa zovala pamkono.

"Aa, apongozi, mwayambanso? Ndikanathawa ndi zovala zanu zomwe?"

Amayi anawagwira mkono ndi manja onse awiri. Sipanapite nthawi, kupuma kunabwerera m'malo mwake. Anapukuta misozi ndi pilokesi ya pamulu paja, n'kutembenuka kundiyang'anitsitsa koyamba chifikire, mopanda mantha, dzanja limodzi lidakali pa alamu.

"Mlendoyu mwamupatsa madzi?"

Akanakhala mwana wa munthu wina m'kalasi mwanga, ndikanauza ophunzira kuti onani, uyu ndiye woleredwa bwino.

Achimwene ataweruka kuntchito anandipeza pakhonde.

"Ndiye chikwama chawo tilongedze liti, achemwali?"

"Musalongedze."

"Koma madokotala aja?"

"Musalongedze, achimwene."

Anakhala pambali panga osafunsanso. M'nyumba alamu ankakangana ndi amayi za juzi, yoti avale kapena asavale, ndipo amayi ankaseka.