Mzime Wasesa Duwa la Anansi

Mzime, mwana wotsiriza wa mayi osoka zovala, anadzuka ndi changu n'kusesa khonde lonse la mdadada umene ankachitapo lendi. Pakhomo pa anesi a kuchipatala, anansi awo achihindu, anapeza ufa wofiira, wachikasu ndi wobiriwira utayalidwa ngati duwa. Anausesa wonse mpaka simenti kuwala, n'kuima pambali kudikira kuyamikiridwa.

M'malo mwake anamva kulira. Mwana wa anesi, amene anagwada dzulo lake lonse kujambula duwalo, anangoti, "Usadzabwerenso kwathu," n'kumenyetsa chitseko.

Mayi osoka zinawapweteka kwambiri. Ana awo awiri ankawaphunzitsira kunyumba, patebulo lomwelo lodulirapo nsalu. Anawo masamu ankawathyola, mayiko pamapu ankaloza ali chitsinzinire, koma za khomo loyandikana nalo anali mbuli zenizeni. Ndipo popeza Mzime sankapita kusukulu, mnzake anali mmodzi yekhayo, mwana wa anesi uja.

"Amayi, ndiye ndizisewera ndi ndani?" anafunsa Mzime, chakudya osachikhudza.

Mayiwo anasiya makina, natenga ana onse awiri kukagogoda kwa anesi.

"Pepani anzanga, mwana walakwa. Amayesa ndi ufa wotayika. Kunena zoona, inenso sindikudziwa kuti chinali chiyani. Zaka zonsezi ndimangochilambalala, kufunsa ndimachita manyazi."

"Paja safunsa anadya phula," anatero anesi akuseka. "Lero ndi Diwali, chikondwerero chathu chachikulu cha nyale. Timakumbukira kuti kuwala kumagonjetsa mdima, ndipo chabwino chimagonjetsa choipa. Timakonza m'nyumba, timavala zatsopano, timagawana zotsekemera. Duwa lija timati rangoli, ndi lolandirira alendo ndi madalitso."

"Ndiye ndasesa madalitso anu?" anafunsa Mzime.

"Wasesa ufa basi, mwanawe. Ndipotu kusesa ndi ntchito ya Diwali imene. Iwe wangopyola muyeso."

Mkulu wake wa Mzime anayang'ana amayi ake. "Tikaphunzira zimenezi, ndiye kuti tasiya mpingo wathu?"

"Ayi," anayankha anesi. "Kudziwa za mnzako si kutaya zako. Ine nyimbo za kutchalitchi kwanu ndimazimva pakhoma pano sabata iliyonse, koma ndidakali Mhindu."

Tsiku limenelo sukulu inasamukira pakhonde. Anesi anasimba za mwana wa mfumu amene anabwerera kwawo atakhala zaka zambiri m'nkhalango, anthu n'kumuyatsira nyale zadothi kuti aone njira. Kenaka anatulutsa ufa wotsala, Mzime n'kugwada kuti abweze chimene anasesa.

Koma duwa lakelo, ngakhale mayi ake omubereka sakanaliyamikira. Linali lopotoka, mitundu itasakanikirana. Mwana wa anesi, amene ankasuzumira pawindo atatupa masaya, analephera kupirira. Anatuluka.

"Sathira chonchotu. Ukuchulutsa. Tasuntha ndikuonetse."

Anagwada pambali pa Mzime, namugwira dzanja kuti ufa uzitsika pang'onopang'ono. Apa m'pamene mtima wa mayi osoka unakhala pansi.

Makolo amene timaphunzitsa ana kunyumba, tisaiwale kuti mabuku okha sakwanira. Tiziwaphunzitsanso za zikhulupiriro ndi zikondwerero za anthu amene timakhala nawo, ndipo zimene sitikuzidziwa tizikafunsa eni ake. Mwana wodziwa chimene mnzake amachilemekeza sachiononga, ndipo sasowa wosewera naye.