Fupa Losanduka Mwala

Kwa masabata atatu, amayi a m'mudzi wina kufupi ndi Nguludi ankamuthawa Falesi. Akangofika pachitsime, macheza ankathera pomwepo.

Chinayambitsa zonsezi ndi chinthu chimene mwamuna wake, a Frackson, anabwera nacho mu 1988 kuchokera ku Karonga, komwe ankagwira ntchito yamsewu. Chinkaoneka ngati fupa la msana, koma kulemera kwake ngati mwala. Mayi wina atachiona, mbiri inawanda kuti banjali likusunga chizimba.

"Bambo, kachitayeni m'chimbudzi," anatero Falesi. "Ine ndatopa nako kunenedwa."

"Ndinangochitola m'chigwembe, mayi. Bwanji ndichiphwanye ndi hamala, anthu aone kuti mulibe kanthu?"

Falesi anaganiza kuti kuphwanya sikungatseke pakamwa pa anthu. Anachikulunga m'chitenje n'kupita nacho kwa a Kalinde, mphunzitsi wa sayansi amene ankapemphera naye tchalitchi chimodzi.

A Kalinde anachitembenuza uku ndi uku, maso ali gwa.

"Mayi, mwachita bwino osachiphwanya. Ili ndi fupa la nyama yakalekale. Itafa, matope ndi mchenga zinaikwirira. Dothi linapitiriza kuunjikana pamwamba kwa zaka mamiliyoni, mpaka matope aja anauma n'kukhala thanthwe."

"Nanga fupa lingalemere chonchi?"

"Mkati mwa ketulo mumachita zoyera zolimba zija, si choncho? Madzi amasiya mchere umene anyamula. Madzi a pansi pa nthaka ankalowanso m'timabowo ta fupali, ndipo pang'onopang'ono mchere wa m'miyala unatenga malo a fupa. Maonekedwe okha ndi amene anatsala."

A Kalinde analembera kalata akuluakulu osunga zinthu zakale ku Blantyre. Mwezi usanathe, kunabwera bambo wina pagalimoto ya boma. Anaonetsa anthu a m'mudzimo timabowo tija pagalasi lokulitsa zinthu n'kuwatsimikizira kuti si chizimba, kenako anafunsa a Frackson malo enieni amene analitola.

"Tsiku lina mukadzapeza lotere, musadzalichotse," anawalangiza. "Thanthwe limene lagonamo ndi limene limatiuza zaka zake."

M'mawa mwake Falesi anapita kuchitsime mutu uli m'mwamba. Mayi amene anayambitsa mbiri ija anamusenzetsa ndowa, maso ali pansi.

Mukapeza fupa losanduka mwala, musaope, musaliphwanye, musaligulitse. Lisiyeni pomwepo ndipo dziwitsani aphunzitsi kapena a boma. Ndi mbiri ya dziko lathu tonse.