Nyale za M'kolido

Kolido ya m'nyumba mwawo inalibe zenera. Ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo, munkakhala mdima kuchokera kuchipinda cha amayi mpaka kubafa, ndipo pakati panali kasitepe kotsika. Ng'ala itayamba kuphimba maso a amayi, bambo, omwe ankapanga zikwangwani zowala za m'masitolo, anamata lamba wamagetsi wopyapyala m'munsi mwa khoma. Lambayo ankawala yense mofanana, kuwala kobiriwira, kofatsa, ndipo kabokosi kake kankalira ngati udzudzu.

Bambo atamwalira, lamba uja anayamba kuzilala monga amachitira malamba otere akakalamba. Mwana wawo wamwamuna, amene anatsala ndi shopu komanso amayi ake, ankati akamuona mtima unkamuwawa. Achemwali ake anali atanena kale kuti amayi akadzangogwa kamodzi, adzawatenga akakhale nawo.

"Simungawathe inu a Injiniya," ankatero achemwaliwo. "Madzi enieniwa mumapsereza."

Tsiku lina amayi atapita ndi achemwali kuchipatala cha maso, mwana wamwamunayo anagwada m'kolido n'kuyamba kumatula lamba uja. Guluu wa bambo anali wouma gwa, moti lamba ankaduka zidutswazidutswa. Sanadandaule. Anakhoma mzere wa tinyale ta LED, toyera mbee, towala kuposa lamba uja ali watsopano. Sitinkadya magetsi ambiri, sitinkazilala msanga, sitinkasokosa. Atayatsa, anaona ngakhale mng'alu wa pasimenti umene anali asanauonepo chibadwire.

"Eee, tafika kubwalo la ndege," anatero achemwali akulowa. "Mwayesetsa a Injiniya."

Amayi anaima pakhomo la kolido.

"Mwaona, amayi? Tsopano muziyenda ngati mtsikana."

"Zawala bwino, mwananga."

Koma anali atagwiritsa felemu ya chitseko, zikope zikuphethira. Iye anakumbuka mochedwa mmene amayi ankatembenuzira nkhope galimoto ikabwera itayatsa nyale. M'diso la ng'ala kanyale kalikonse kowala kwambiri kamasanduka chifunga, ndipo iye anali atawaikira chifunga khoma lonse.

"Dikirani kaye," anatero.

"Ndidikire chiyani? Nyumba ndi yanga ino."

Anayamba kuyenda mutu ali chopendeketsa, ngati akumvetsera munthu wolankhula kuseri kwa khoma. Atafika pa kasitepe, phazi linaponda m'malere, n'kugwa chogwada. Sanalire. Anakhala pansi pomwepo, akusisita bondo.

"Ndi patapatayu," anatero msangamsanga. "Anatha kalekale."

Achemwali anawadzutsa, osayang'ana mlongo wawo n'komwe.

"Kaudzudzu kaja wakachotsa?" amayi anafunsa motsitsa mawu.

"Kabokosi? Kanali kaphokoso chabe, amayi."

"Bambo ako anakaika pa sitepe penipeni. Lamba uja ndinasiya kumuona bwino chaka chatha. Kakandilira kukhutu lamanzere, ndimadziwa kuti apa nditsike."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa?"

Zidutswa za lamba zinali mu bini panja, kabokosi kali pamwamba, mawaya ake atadulidwa m'tsinde. Popanda lamba wake, sikakanaliranso.

"Ndiitanitsa lamba wina," anauza achemwali ake kukhitchini. "M'masitolo anasiya kugulitsa, koma ndimupeza. Ndipatseni nthawi pang'ono."

"Kufikira abwere, aziyenda bwanji? Iwe uli kushopu, iwo ali okha muno?"

"Nditseka shopu."

"Ndiye muzidya mawaya?" Achemwali anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Sindikukulanda, achimwene. Lero ndi bondo. Mawa likakhala chiuno, sadzadzukanso."

Iye anatsitsa chikwama cha amayi. Anathandiza kulongedza: madiresi, mankhwala a m'maso, juzi ya bambo imene amayi ankafunda m'mapazi. Amayi anakhala pabedi akulangiza choika pansi ndi choika pamwamba, ngati ulendo wa masiku ochepa.

Galimoto itafika, iye ananyamula chikwama n'kutsogola. Atacheuka, anaona amayi ataima pakhomo la chipinda chawo, dzanja litatchinga kumaso.

"Ndikugwireni mkono?"

"Ayi. Tazimitsa kaye, ndidutse."

Anazimitsa. Mumdimamo anamva chikhatho cha amayi chikukhula khoma, phazi likufufuza pansi, kenako likutsika. Anamudutsa pafupi, n'kumusisita patsaya.

"Uzidya," anatero, n'kutuluka.