Nkhuku ya Asibweni ndi Laisensi ya Gerald

Mlongo wanga Gerald amaopa malamulo, makamaka a anthu amene sanamuonepo. Pa boma pa Lundazi amakwera njinga yopanda mabuleki osaphethira n'komwe, koma akaona mawu ofiira pa kompyuta thukuta limatuluka.

Masana timapanga mafotokope limodzi m'kashopu kathu kufupi ndi msika. Makasitomala akatha, iye amatsegula pulogalamu yake yojambulira mapu a masewera aja amene amuna a ndevu zawo amakhala pa tebulo n'kumanamizira kuti ndi mafumu ndi asilikali a dziko losakhalako. Gerald anamangamo dziko lathunthu, la mapiri, nyanja ndi mizinda ya malinga, ndipo amalikonda moti ine zimandinyansa. Laisensi yake ndi yaulere, yongosewerera. Lamulo lake analiloweza pamtima: ukalandira malipiro pa mapu, eni pulogalamu atseka akaunti, dziko lako n'kupita.

Ndiye kunabwera malume athu a Misheck a ku Magodi, amene ife timawaitana kuti asibweni. Chimwalirireni atate, iwowa ndiwo pakamwa pa banja lathu, ndipo anali atavomera kukamulankhulira Gerald kwa makolo a Abigail, mtsikana amene amafuna kukwatira. Asibweniwo anafuna kuti Gerald awajambulire mapu a munda wawo kuti ana awo asiye kukanganira malire.

Gerald anajambula ndi mtima wonse. Vuto linali loti pulogalamuyo sidziwa chigafa cha fodya, choncho chigafa chinasanduka nyumba yachifumu ya nsanja ndi mbendera. Pa dambo panatuluka chinjoka cha mapiko. Asibweni anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Ichi chinjoka chisiye, mwana wanga," anatero. "Ng'ombe za eni zizaopa."

Loweruka lotsatira anafika kunyumba ndi njinga, kumbuyo atamangirira thadzi lonenepa.

"Monile mose! Gerald, iyi ni yako. Yewo chomene pa nchito ija," anatero pothokoza.

Gerald anailandira ndi manja awiri, koma nkhope inali ngati wapatsidwa samani ya kukhoti. Asibweni atapita kumsika kukafuna chubu cha njinga, ananditengera kuseri.

"Dainess, nkhuku ni malipilo kapena si malipilo?"

"Ni nkhuku," ndinamuyankha.

"Malamulo akamba kuti ndalama olo katundu. Nkhuku ni katundu."

"Iwe, wamene alemba malamulo ayo aziba kuti kuli Magodi? Azabwela kuzapenda nkhuku m'khola mwathu?"

Sanandimvere. Analembera kampaniyo m'Chingerezi chake cha pa tchalitchi, kufunsa ngati thadzi limodzi lochokera kwa malume ndi malonda. Yankho linabwera pompo, ndipo linali la makina: tikuthokoza chifukwa cha funso lanu, onani malamulo athu. Gerald anawaonanso malamulowo, n'kuopa kuposa poyamba.

Kubweza nkhuku sakanatha. Ngakhale iye amadziwa kuti mphatso ya munthu wamkulu siibwezedwa. Anayendayenda pabwalo, thadzi lili kumuyang'ana ndi diso limodzi, mpaka nzeru inamufikira. Ndikanakonda ikanasochera panjira.

"Tiwaphikile!" anatero akumwetulira. "Bakadya beve, ine sin'nalandile kanthu."

Ndinamuuza poyera kuti wapenga. Mlendo timamuphera nkhuku ya m'khola mwathu, osati imene wabwera nayo. Ndinakana kugwira mpeni. Iye anapha yekha, kusosola yekha, n'kuphika yekha, akuimba. Sanalaweko ngakhale msuzi, poopa kuti msuzi nawonso ndi katundu.

Asibweni atabwerera anasamba m'manja, anapemphera, nayamba kudya. Anayamikira kuti ana a mlongo wawo amadziwa ulemu. Ine ndinakhala pakhomo mutu uli pansi, manyazi atandigwira mpaka m'mafupa. Atakhuta anatsamira pampando.

"Lija thazi muliike pamodzi na tambala, likuikila bwino. Lili kuti?"

Gerald akanangoti lili kwa aneba. Koma munthu woopa malamulo amaopanso bodza. Anafotokoza zonse mwadongosolo: laisensi yaulere, laisensi yamalonda, akaunti, katundu. Anamaliza monyadira kuti tsopano palibe amene walakwa.

Asibweni anayang'ana mafupa ali m'mbale. Sanakalipe, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa. Anasamba m'manja pang'onopang'ono.

"Ndiye nachoka ku Magodi, kuchova njinga na zuba lonse ili, kuti nizadye nkhuku yanga neka?"

"Asibweni, ni malamulo chabe..."

"Namvela. Abo bene malamulo ni bakulu kupambana ine, chifukwa chaulele chao unalandila, changa wakana."

Anatulutsa mapu aja m'thumba la jekete, anawayala bwinobwino pa tebulo pafupi ndi mbale, n'kukankhira njinga yawo kumsewu. Gerald anawathamangira.

"Nanga ulendo wa pa Sondo, asibweni? Kwa a Abigail batiyembekeza."

Asibweni anaponda pedulo, osacheuka.

"Balembele bakampani. Bakakulankhulile."